Vuto Silinali Masamu

Atelala atamva kuti mwana wawo wamkazi walepheranso masamu, anaimitsa makina diresi ili pakati. Zinawazunguza mutu, chifukwa mwana yemweyo ankawathandiza kuyeza nsalu osaphonya.

"Kusukuluko akuphunzitsa, kapena akungowothera dzuwa?" anafunsa.

Akazi awo anaseka, n'kuwauza kuti makina sangawayankhe, apite akafunse okha.

M'mawa mwake Atelala ananyamuka kupita kusukulu atakonzeka kukakangana. Aphunzitsi a masamu anawapatsa mpando, kenako anayala pepala lalikulu patebulo. Pamenepo anali atalemba funso lililonse la mayeso palokha, ndi ana amene analikhoza kapena kuliphonya.

"Taonani apa, bambo. Mafunso a manambala okhaokha mwana wanu wakhoza onse. Wagwa pa mafunso a nkhani, ofunika kuyamba wawerenga n'kumvetsa. Ndipo sali yekha, anzake ambiri agwera pomwepo."

Aphunzitsiwo anafotokoza kuti akanangoyang'ana malikisi ophatikiza, akanatha teremu yonse akubwereza kuchulukitsa ndi kugawa, chonsecho vuto lili pena. Anali atakambirana kale ndi ahedi komanso aphunzitsi anzawo, ndipo m'makalasi ena munapezekanso zomwezo. Choncho anagwirizana kuti ana aziyamba tsiku ndi kuwerenga, ndipo funso la masamu aziyamba alifotokoza m'mawu awoawo asanagwire pensulo.

Atelala mkwiyo unawathera. Anafunsa chimene iwo angachite, ndipo anauzidwa kuti mwanayo aziwawerengera mokweza kunyumba.

Kuyambira pamenepo, mwana akaweruka ankakhala pambali pa makina ndi buku la kusukulu. Bambo ake ankamufunsa zimene wamva, akuponda makina. Makasitomala nawo anayamba kutchera khutu. Mayi wina anabweza siketi yake kuti ikumuthina, koma aliyense anadziwa kuti akufuna kumva mathero a nkhani.

Mayeso otsatira atatuluka, mwanayo anakhoza bwino, pamodzi ndi anzake ambiri. Pa msonkhano wa makolo, aphunzitsi anaonetsa pepala latsopano, n'kunena kuti tsopano ana akuvutika pa kuyeza, ndipo ayamba kale kukonza. Atelala anadzipereka kubwera ndi tepi yawo kudzathandiza, anthu n'kuwomba m'manja.

Zotsatira za mayeso si zongolengezera wakhoza ndi walephera. Aphunzitsi akazifufuza bwino, amadziwa pamene mwana wakodwa, ndipo makolo akafunsa, amadziwa pothandizira.