Fodya Wafewa, Sitima Siidikira

Sutikesi ndinaipakira n'kuipasula, kuipakira n'kuipasula, mpaka zipi yake inayamba kulira ikangondiona. Mwana wathu Tithokoze amagwira ntchito yoyala mabedi m'sitima yaikulu ya panyanja yamchere, ija yongoyendetsa anthu okapuma, ndipo chaka chino anatipezera malo ife makolo ake, ine ndi amuna anga a Moffat. Sitimayo imanyamukira ku Durban, n'kumazungulira pamadzi masiku angapo, kenako n'kubwerera pomwe inachokera. A Moffat atamva anati umenewo ndi ulendo wa munthu wosowa chochita.

Ine chomwe ndinkafuna sichinali chachikulu. Ndinkafuna kuwaona bambo amenewa atakhala pansi kamodzi kokha, manja ali pamiyendo, ine ndili pambali pawo, popanda tsamba la fodya pafupi. Chikwatiraneni nyimbo yawo ndi imodzi: "Tikagulitsa fodya tidzapita." Fodya timagulitsadi chaka ndi chaka. Koma tikamabwera ku okushoni nazale imakhala ikutiyembekeza kudambo, ndipo ulendo umasanduka wa chaka chamawa. Tsopano imvi zatulukira m'mphepete mwa duku, ndikadali pomwepo.

Malangizo a Tithokoze ankabwera ndi mawu ojambula pafoni, m'mawa uliwonse ngati mankhwala. Ndinkawamvera ndikusesa, kuwabwereza ndikutsuka mbale.

"Amayi, muone mapasipoti. Akhale oti atsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo asanathe ntchito, apo ayi akakubwezani pakhomo."

Tinakapangitsa atsopano. Litafika tsiku lina kunabwera mawu ena.

"Amayi, ufa musatenge. Chiponde musatenge. Nkhuku yootcha ija mumaikulunga m'pepala, idyereni m'basi ithe. Muno chakudya chilipo usana ndi usiku, ndipo cha kunja salola."

Ufawo ndinautulutsa. Madzulo ndinaubwezeramo, poganiza kuti mwana sadziwa mimba ya bambo ake. M'mawa ndinautulutsanso. Anandiuzanso kuti mapasipoti, mapiritsi a bipi a bambo ake ndi chovala chimodzi chosinthira zikhale m'chikwama cha m'manja, chifukwa masutikesi amawatenga pachipata n'kuwabweretsa kuchipinda dzuwa litapendeka. Nsapato zikhale zafulati. Foni ikangochoka pamtunda izikhala chete, isamakasake netiweki pakati pa madzi.

Ku Mvano nako aliyense anasanduka katswiri. A Dorika, amene madzi aakulu omwe anawaonapo ndi a m'damu la pa esiteti, anati ndizikanyambita ndimu kuti ndisakasanze. Ndinawathokoza, poti mawu a akulu akoma akagonera, koma ndinapitabe ku Boma kukagula mapiritsi a nseru omwe mwana ananena. Iye anati amamwa sitima isananyamuke, osati mutu utayamba kale kuzungulira. Chipinda anatisankhira chapakati, chammunsi, komwe sikugwedezeka kwambiri.

Koma langizo lomwe ankalibwereza mpaka kutopetsa linali limodzi.

"Mufike ku Durban kutatsala tsiku lathunthu. Basi imachedwa pamalire, tayala limaphulika. Sitima siidikira munthu, amayi. Ndaonapo anthu akuthamanga padoko ndi zikwama, ife tikungowabayibitsa."

A Moffat anaseka mpaka kutsokomola.

"Indisiye ine, mwana wanga ali momwemo?"

"Mwana wanuyo ndi woyala mabedi, si woyendetsa," ndinatero.

"Aaa, amake Titho. Akangokauza adalaivala kuti madala ali panjira, nkhani yatha."

Sindikuwanena kuti ndi opusa, ayi. Kungoti kwathu kuno galimoto yomwe muli m'bale wako siikusiya. Minibasi ya Alick, mwana wa mng'ono wawo, imaima pa siteji ya Chamama injini ikulira mpaka iwo amalize kumanga zingwe za nsapato. Kutchalitchi ndi mkulu wa mpingo, belu limatha kulira kachiwiri chifukwa cha iwo. Ngakhale pamaliro adzukulu amatsamira makasu kudikira kuti a Moffat afike adzalankhule. Munthu amene dziko lonse lamudikira chibadwireni ungamuuze bwanji kuti kuli chinthu chosadikira? Ndipo wodikira wamkulu ndinali ine.

Vuto linali nyengo. Sitimayo imayenda miyezi yomwe ife tili m'fodya mpaka m'khosi. Wathu tinali titathyola, titasoka, titapachika pamikangala m'chigafa, ndipo anali atauma bwino, wofiirira mokoma. Koma mvula inali itadula, kunja kuli gwa, ndipo fodya wa bale akauma chonchi sakhudzidwa. Ukangomugwira amafumbutuka m'manja. Umadikira m'mawa wa chinyezi kuti tsamba lifewe, pamenepo ndiye umatsitsa msangamsanga, kuunjika n'kufunditsa, dzuwa lisanamuumitsenso. M'mawa woterowo sauitanitsa. Umabwera wokha.

Tinagwirizana kuti ukabwera ife kulibe, atsitsa ndi a Jeremiya, oyandikana nafe munda, amene anayamba kulima fodya a Moffat asanamere ndevu. A Moffat anavomera pakamwa. Koma masiku onsewo ankangozungulira chigafa ngati nkhuku yofuna kuikira, kulowetsa dzanja, kutulutsa, kuyang'ana kumwamba. Ine ndinkazungulira sutikesi, nanenso ndikuyang'ana kumwamba komweko. Tonse sitinkakhazikika, koma zopempha zathu zinali zosiyana.

Tsiku la ulendo ndinadzuka ndi fungo. Ndisanatsegule chitseko ndinadziwa, chifukwa fodya akafewa amanunkhira mpaka m'nyumba. Kunja kunali mvula yamawawa, yopyapyala, yosanyowetsa n'komwe duku. Mtima wanga unangoti phwii.

A Moffat anali atasamba kale, atavala suti yawo yakuda ya pa Mgonero. Wakabaza wa njinga yamoto, Sunganani, anali atafika, akumangirira masutikesi. Nditatembenuka kuti nditseke chitseko, bambo aja palibe. Ndinawapeza m'chigafa, tsamba lili m'manja, akulipinda n'kulitambasula ngati nsalu.

"Wafewa," anatero osandiyang'ana.

"Ndaona. A Jeremiya akubwera."

Ndipo analidi panjira, ndi akazi awo, atanyamula mapepala apulasitiki ofunditsira. Anatipatsa moni n'kuyamba kukwinya malaya.

"Pitani, achimwene. Uyu tithana naye dzuwa lisanakwere."

"Ee, ee, zikomo," anatero a Moffat. Koma anavula jekete n'kulikoleka pamkangala. "Ndingokuonetsani poyambira. Wa kumtundaku ndi wa masamba apansi, asasakanikirane ndi wa kunsonga."

"Bambo a Titho," ndinatero, "a Jeremiya sadziwa tsamba lapansi?"

"Akudziwa. Mzere umodzi wokha. Tsogolani ndi katunduyo, njinga ibwerere idzanditenge. Alick andidikira."

Ndinawayang'ana atakwera pamtanda, thalauza la suti litakwinyidwa mpaka m'mawondo, nkhope ikuwala ngati mwana wapatsidwa nzimbe. Ndinakwiya, komanso ndinawamvera chisoni, ndipo sindinadziwe choyamba kunena. Ndinakwera njinga.

Pa Chamama minibasi inali itatsala pang'ono kudzaza. Alick anatisungira malo awiri kutsogolo, anapukuta mpando ndi chipewa chake. Tinkayenera kutsika pa Boma, kukwera ya ku Lilongwe, ndipo kumeneko basi ya ku Joni inali ya tsiku lomwelo. Sunganani anabwerera kukatenga bambo aja. Ine ndinakhala, kutsika, kuyang'ana njira, kukweranso. Ndinatsegula chikwama cha m'manja kuona ngati mapasipoti alimo. Analimo. Ndinatsegulanso.

Galimoto inadzaza. Anthu anayamba kung'ung'udza. Mayi wina kumbuyo anali ndi mwana wotentha thupi, akupita naye kuchipatala.

"Adalaivala, tikudikira chiyani?"

"Pepani, amayi, madala anga ali panjira. Sachedwa."

Ndinachita manyazi. Mawu amenewo ndinawamvapo kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ndinkangowerama, n'kumasewera ndi nsonga ya chitenje.

Sunganani anatulukira pakona ali yekha. Asanafike n'komwe, foni yanga inalira.

"Amake Titho, mwafika?" Mawu awo ankamveka akupuma mwawefuwefu, kumbuyo kukumveka mikangala ikugundana. "Fodyayu ndi wambiri kusiyana ndi momwe ndimaonera. Paja mwana anati pali tsiku lapadera? Tigwiritse lomwelo. Bwererani, tinyamuka mawa."

"Tsikulo ndi la pamalire ndi matayala, osati la chigafa."

"Mulungu alipo, tayala siliphulika. Tikachedwa pang'ono Titho akalankhula nawo."

"Nanga mawa kukachanso ndi chinyezi?"

Ndinamva a Jeremiya akufunsa chinachake, a Moffat n'kuyankha kuti ayi, osati pamenepo, ikani apo. Kenako anabwerera kwa ine.

"Mwati chiyani?"

Sindinabwereze. Yankho ndinali nditalimva kale. Mawa kukafewanso adzati mkuja, fodya akatsika adzati asankhidwe, akasankhidwa adzati amangidwe mabelo. Ndinaganiza za mwana wanga ataima pachipata cha sitima ndi yunifolomu yake, akusuzumira m'chigulu cha anthu, n'kumauza anzake kuti makolo ake ali panjira. Mawu omwewa a Alick, koma kumalo komwe sagwira ntchito.

Alick anasuzumira pawindo.

"Amayi aakulu, titani? Nditsitse katundu, kapena tiwadikirebe pang'ono?"

Ndinatsegula chikwama cha m'manja kachitatu. Ndinatulutsa pasipoti ya a Moffat, mapiritsi awo a bipi, ndi shati yoyera yosinthira yomwe ndinaisita dzulo lake. Ndinazikulunga pamodzi n'kumuitana Sunganani.

"Ukawapatse m'manja, usakasiye pakhonde. Ukawauze kuti mapiritsiwa ndi limodzi m'mawa uliwonse, asaiwale. Ukawauzenso kuti basi ya ku Joni ilipo ina mawa. Akaipeza, andipeza ku Durban. Tsiku lapaderalo ndawasiyira iwo."

Sunganani analandira ndi manja awiri, koma sananyamuke. Ankayang'ana Alick, Alick akuyang'ana ine.

"Amayi aakulu, ndiwasiye madala? Ine?"

"Si iwe ukuwasiya, ndine. Tiye, mwanayo akutentha thupi."

Ndinatseka chikwama. Alick analowa mwakachetechete, anayang'ana pagalasi kawiri ngati akuyembekeza kuti suti yakuda itulukira, kenako anaponya giya. Pampando wa a Moffat panakhala mnyamata wogulitsa tomato, amene anandifunsa ngati ndikupita kumaliro, poti ndinali kupukuta m'maso. Ndinamuuza kuti ayi, ndikupita kokasangalala.

Tinadutsa minda yothyoledwa kale, mapesi a fodya ataima okhaokha, ndi zigafa zomwe m'kati mwake anthu anali pikitipikiti kutsitsa. Aliyense m'galimotomo ankayamikira nyengo, akuti Mulungu wakumbukira alimi. Ine ndinatulutsa dzanja pawindo, monga ndachitira moyo wanga wonse, kuti ndimve mpweya. Unali wofewabe. Ndinawasowa bambo aja pomwepo, tisanafike n'komwe pa Boma, ndipo ndinapemphera pemphero lomwe mkazi wa mlimi wa fodya sapemphera: kuti dzuwa lituluke msanga, liwambe, tsamba liume gwa pamikangala, liwakane m'manja, mwina atsike avale jekete.