Malalanje a Zahari

Ine Tsvetana ndine wamkulu kwa mlongo wanga Zahari ndi zaka zinayi, ndiye pa Lamulungu la chikhululuko, lija lotsekera mkaka ndi mazira tisanayambe kusala kwa Pasaka, woyenera kuyenda anali iye. Wamng'ono ndiye amabwera ndi lalanje, n'kupsompsona dzanja la wamkulu, n'kunena kuti, "Ndikhululukireni." Wamkulu amayankha kuti, "Mulungu akukhululukire, nanenso ndakukhululukira." Nkhani imathera pomwepo, anthu n'kukhala pansi kudya banitsa, chitumbuwa chathu cha tchizi ndi mazira.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, mawu amenewo sindinawanene.

Mlandu wake unali uwu. Amayi atadwala kumudzi, Zahari anandiuza pa foni kuti, "Ali bwinoko, achemwali, musavutike, mubwere Loweruka." Amayi anamwalira Lachinayi. Zahari akuti sanafune kundidetsa nkhawa. Ndinamuyankha pamaliro pomwepo, anthu akumva, kuti nkhawa yanga asamandisungire ngati kuti ndi nkhuku yake. Ndinabwerera kwanga kutauni ya Sevlievo mtima uli chinunu, ndipo tulo tinandithawa.

Ndi m'mene ndinayambira kudzikonza. Ndinalowa gulu la mayi wina wachitsikana, Desislava, yemwe ankatiphunzitsa kupuma. Inde, kupuma. Ine wa zaka makumi asanu ndi limodzi, amene ndakhala ndikupuma chibadwire, ndinauzidwa kuti ndinkalakwitsa. Ndinasiya shuga, ndinayamba kusamba madzi ozizira, ndinkayenda m'mbali mwa mtsinje m'mawa uliwonse mpaka foni itandiyamikira kuti ndayenda mokwanira. Ndipo sindinama, zinandithandiza. Mawondo anasiya kulira, tulo tinabwerera.

Tsiku lina Desislava anatiuza tilembe papepala dzina la munthu amene anatilakwira, titenthe. "Kukhululuka n'kwa inu nokha," anatero. "Sikufuna kuti winayo akhalepo." Ha, mawu okoma bwanji kwa munthu wouma mutu ngati ine! Ndinatentha Zahari m'mbale yadothi, ndinamva kupepukidwa, ndipo ndinati nkhaniyo yatha.

Gulu lathu linkapita kuphiri chaka chilichonse kukakhala chete masiku atatu, ndipo ulendowo unkagwera pa Lamulungu lomwe lija. Ndinganene kuti zinangochitika, koma amene anasankha tsikulo pamsonkhano ndinali ine. Pobwerako ndinkapeza lalanje pazenera, lozizira ngati mwala.

"Anabwera mlongo wako," ankatero Donka, mayi wa khomo loyandikana ndi langa, atatsamira mpanda. "Wakwera mabasi awiri, wavala jekete la ukwati. Waima pamenepo mpaka mphuno kufiira."

"Ine ndinamukhululukira kalekale, Donka."

"Unamuuza?"

"Za mumtima sizifuna kulengeza."

"Oho! Ndiye iye wazimva bwanji, ali ndi wailesi ya mumtima mwako? Iwe Tsveta, ukupuma bwino, koma ukununkha mwano."

Ndinkamuseka kuti ndi wachikale. Lalanjelo ndinkalifinya m'mawa mwake n'kumwa, popeza Desislava ankati limatsuka m'thupi.

Chaka chino sindinapite kuphiri. Palibe chachikulu chinachitika. Ndinkapesa tsitsi pagalasi, n'kuona kuti dzanja logwira chipesolo ndi la amayi ndendende, mitsempha yake, timadontho take. Ndinakhala pabedi n'kulira. Ndinazindikira kuti ndamusowa Zahari, kuseka kwake kotsamwa kuja, ndi bodza lake la nsomba zazikulu zimene zinkamupulumuka.

Lamulungu ndinadzuka kusanache bwino. Ndinaphika banitsa, ndinawiritsa mazira, ndinagula ndi maswiti a halva omwe, shuga yense uja. Ndinayeseza yankho langa kukhitchini, mokweza. Basi ya 10 koloko inadutsa. Ya 12 koloko inadutsa. Banitsa inazizira.

Poyamba ndinakwiya. Zoona, chaka chimene ndakonzeka ine ndiye iye watopa?

"Nyamuka upite," anatero Donka.

"Wamkulu sapita kwa wamng'ono."

"Ukulu umenewo ukagone nawo. Mutu ukakula sulewa nkhonya, waiwala mwambi wa agogo? Basi ya 2 koloko ikadalipo."

Ndinakulunga banitsa m'nsalu n'kukwera.

Pakhomo pa Zahari anandilandira mkazi wake, mlamu wanga Velichka. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Mukuoneka bwino, alamu. Mwatsitsimuka zedi." Sanali kundiyamikira.

"Ali kuti?"

"Ali m'katimo. Koma ndikuuziretuni, mutu wake sulinso bwino. Zinayamba chilimwe chatha. Ine amanditchula nthawi zina, nthawi zina amandifunsa ngati ndine wa kupositi."

"Bwanji osandiuza?"

"Anandiletsa akadali bwinobwino. Akuti musade nkhawa." Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndiponso foni yake munaitsekera, si choncho? Kuti mtima wanu ukhale pamtendere."

Zahari anali atakhala pafupi ndi mbaula, atavala jekete la ukwati lija, mabatani atasemphana. Lalanje linali pamwendo pake.

"Wavala yekha m'mawa," ananong'ona Velichka. "Tsiku la lero lokha ndiye sanaiwale. Ndabisa kiyi, angakasochere ku basi."

Atandiona anaimirira mwaulemu. Anaona imvi zanga, n'kugwira dzanja langa, n'kuwerama, n'kulipsompsona.

"Ndikhululukireni, amayi."

Mawu amene ndinayeseza aja anatuluka onse, osaphonya ngakhale limodzi. "Mulungu akukhululukire, nanenso ndakukhululukira. Zahari, ndine Tsveta. Iwenso undikhululukire."

"Mulungu akukhululukireni," anayankha msanga, monga momwe munthu amayankhira mlendo aliyense pakhomo la tchalitchi. Kenako anandiyang'anitsitsa, ndipo ndinayesa kuti wandizindikira.

"Mwachokera ku Sevlievo?"

"Eya."

"Ndiye mukuwadziwa achemwali anga. Aatali chonchi, olusa." Anaseka mpaka kutsamwa. "Koma ndi abwino, musawaope. Ndinawalakwira ine. Ndinawanamiza za amayi."

"Anakukhululukira, Zahari. Kalekale."

Anapukusa mutu. "Ayi. Akanandiuza. Achemwali anga sasunga mawu m'kamwa."

Ndinamuuzanso kachiwiri, kachitatu, nditagwada pansi ndi mawondo anga ochira aja. Ndinamukumbutsa za mtengo wa mapeyala umene anagwamo, za njinga ya abambo. Ankamvetsera mokondwa ngati ndikumusimbira za anthu ena. Velichka anadula banitsa, Zahari anadya zidutswa ziwiri n'kunena kuti ikufanana ndi ya kwawo.

Nthawi ya basi yomaliza itakwana, anandiperekeza mpaka pachitseko. Anandiika lalanje m'manja n'kupinda zala zanga ndi manja ake awiri.

"Mukawapatse. Inu mwina akakutsegulirani. Mukawauze kuti chaka chamawa ndibweranso."

Lalanjelo lili pazenera, koma m'kati tsopano. Lafota, lauma, Donka akuti nditaye lisanaitane ntchentche. Ndimayendabe m'mawa, ndimapumabe monga anandiphunzitsira, ndipo adokotala akuti thupi langa ndi la munthu wa zaka makumi anayi. Akuti ndikhoza kukhala zaka zambiri. Lachitatu lililonse ndimakwera mabasi awiri aja, ndipo Zahari amandilandira bwino kwambiri. Ndikangokhala pansi amandifunsa ngati ndinakawapeza achemwali ake, ndi zomwe anayankha.