Jakisoni Ali m'Manja

Linali Lamulungu masana, onse ali pakhonde la nyumba ya kampani ya tiyi, kumalaini a antchito. Estele ankasenda nandolo, amuna ake a Inocencio akusoka nsapato, mlamu wake Yosefe akuwaseka kuti nsapatoyo inafa kale, yangotsala kuikidwa m'manda.

"Ikafadi ndivala zako," anatero a Inocencio, nanyamuka kukathyola mapeyala kuseri kwa nyumba.

Kumeneko n'kumene njuchi zinawapeza. Sizinali zambiri, koma pobwerera pakhonde milomo inali itatupa, mpweya ukulira pakhosi ngati mluzu. Yosefe anathamangira kwa kapitawo kuti aitane ambulansi, ndipo mwamwayi inali chapafupi.

Munatsika a Bryson, othandiza odwala m'galimotomo, bambo ofatsa. Atangowaona a Inocencio, anatsegula bokosi, nakoka mankhwala mu jakisoni. Koma sanabaye. Anatulutsa foni.

"Abayenitu, bambo," anatero Estele.

"Mayi, mankhwala awa sindiloledwa kupereka pandekha. Lamulo likuti adokotala akuchipatala avomereze kaye pafoni. Mnzanga wina anabaya osafunsa, lero akugulitsa makala."

Tsono kumalaini kumeneko, kufupi ndi malire, foni imakonda kugwira netiweki ya ku Mozambique. A Bryson anakwera pachulu, foni ili m'mwamba, koma munkangomveka mawu a mzimayi akuyankhula Chipwitikizi.

"Afunseni omwewo," anakalipa Yosefe. "Mwina lamulo lawo lili ndi chisoni."

Anawakweza a Inocencio m'galimoto. Estele anakhala pansi, naika mutu wa amuna ake pamiyendo. Galimoto inkadumpha m'kamsewu ka m'minda ya tiyi, a Bryson jakisoni dzanja ili, foni dzanja linalo, thukuta lili kamukamu.

"Ndipatseni ndibaye ndekha," anatero Estele motsitsa mawu. "Ine ndilibe ntchito yoti andichotse."

"Pang'ono pokha, mayi. Tikafika pamsewu wa tala foni igwira."

Inagwiradi. Anayankha ndi anamwino, kunena kuti adokotala ali ndi wodwala wina, adikire akawaitane. Estele ankamva nsapato zawo zikupita m'khonde la chipatala, chitseko chikutseguka, munthu wina akuseka chapatali. Kenaka panabwera mawu a mwamuna.

"Njuchi? Watupa pakhosi? Nanga mukudikira chiyani? Bayani msanga!"

A Bryson anabaya pantchafu. Anabaya bwino. Koma Estele anali atamva kale mutu uja ukulemera pamiyendo pake, ndipo kamluzu kaja kanali katasiya. Anangowapukuta amuna ake pamphumi ndi nsonga ya chitenje.

Kuchipatala adokotala anapepesa mwaulemu. Anati palibe amene walakwa, zonse zayenda motsata lamulo. A Bryson anaima pakhomo atagwetsa nkhope, kudikira kuti mwina mayiyo awatukwana. Estele anawadutsa ngati akudutsa mtengo.

M'mawa mwake, iye ali pamphasa pakati pa azimayi ogona pamaliro, belu la kampani linalira monga mwa masiku onse. Othyola tiyi anadutsa ndi madengu kumsana. Pofika panyumbapo anatsitsa mawu, ena anawerama pang'ono. Atangokhota pangodya, Estele anawamva akupitiriza nkhani yawo.