Makina Oyezera Atanama Miyezi Isanu

Mu fakitale yopanga zitsulo za mapampu a madzi munali chipinda chimodzi chozizira, chopanda fumbi, chimene munthu sankalowamo ndi nsapato za panja. M'menemo munali makina oyezera: tebulo lalikulu la mwala wakuda, ndi mkono woyenda pamwamba pake, kunsonga kwake kuli kampira kofiira ngati mutu wa machesi. Kampirako kankakhudza chitsulo mbali zonse, kompyuta n'kunena ngati chadulidwa pa muyezo kapena ayi. Woyendetsa makinawo anali mayi wina amene anzake ankamutcha Nakadontho, chifukwa kadontho kamodzi kakasokonekera pa pepala sankaupeza mtendere.

Lamulo linali lakuti chaka chilichonse katswiri wa ku kampani ina azibwera kudzayesa makinawo, poti woyeza naye amafuna womuyeza. Chaka chimenecho tsiku lake linafika n'kudutsa. Nakadontho anawakumbutsa abwana kanayi konse. Abwanawo antchito ankawatcha a Mawamawa, ndipo dzinalo sanalipatsidwe pachabe.

"Mayi, oda yaikulu yatikhala pakhosiyi, tiimitse makina masiku awiri? Mwezi wamawa."

Mwezi wamawawo unabereka miyezi isanu. M'miyezi imeneyo makina anayamba kukana zitsulo zazitali zimene ankadula a Khutu, bambo amene anakhala pa makina odulira zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ankadziwa kuti mpeni wabuntha pongomva kulira kwake. A Khutuwo anali alamu ake a Nakadontho, akulu awo a amuna ake. Chitsulo chilichonse chokanidwa Nakadontho ankachimata kapepala kofiira, pansi pake n'kusainira yekha.

"Mlamu, chitsulo ichi chili bwino," anatero a Khutu tsiku lina ataima pakhomo la chipindacho, chipewa chili m'manja. "Tayezanso."

Anayezanso, makina n'kukananso.

"Alamu, makina sanama," anayankha Nakadontho.

Zitsulo zokanidwa zitakwana makumi anayi, a Mawamawa anawachotsa a Khutu pa makina pamaso pa anthu onse. Anati maso atha, ukalamba suchita kufunsa, n'kuwapatsa tsache ndi wilibala kuti azisesa zinyenyeswa. Kunyumba amuna ake a Nakadontho anangoti, "Wawagwira bwino ntchito achimwene," ndipo kuyambira pamenepo ankadya atayang'ana kukhoma.

Katswiri uja anabwera Lachiwiri m'mawa, bambo wowonda, wosalankhulalankhula, atanyamula mabokosi awiri. Sanayambe msanga. Anatulutsa ndodo yake yoyesera, chitsulo chachitali chokhala ndi mano otalikirana mofanana, n'kuigoneka pa tebulo lamwala maola atatu kuti izizire mofanana ndi chipinda. Kenako anavala magolovesi oyera, nayamba kuyeza ndodoyo moongoka, mopingasa, ngodya ndi ngodya. Atafika chakumbuyo kwa tebulo anaima. Anabwereza katatu. Anagwada, namasula paipi ya mpweya umene umayandamitsa mkono wa makinawo, ndipo munatuluka madzi osakanikirana ndi mafuta.

"Mayi, fyuluta yosefa mpweya iyi anaisintha liti?"

"Ndinapempha ina kalekale. Anati mawa."

"Mkono ukukhudza mwala chakumbuyoku. Chitsulo chikatalika, makinawa akumawonjezera pang'ono, osafika ndi theka la tsitsi limodzi. Koma pa ntchito yanuyi theka la tsitsi ndi mlandu."

Kudzera pa galasi la chipindacho Nakadontho ankawaona a Khutu akukankha wilibala, msana utapindika. Mtima unamutentha, ndipo sanadziwe kuti akwiyire ndani poyamba, abwana kapena dzanja lake lomwe limene linasaina mapepala makumi anayi aja.

A Mawamawa atamva, analowa ndi nsapato za panja, natseka chitseko.

"Achimwene, si mwakonza? Ndiye lembani kuti makina ali bwino, mumate kapepala kanu katsopano. Za mmene munawapezera zisiyeni, zingotisokonezera makasitomala."

Katswiriyo anapitiriza kupukuta ndodo yake.

"Bwana, ine ndimalemba ziwiri: mmene ndawapezera ndi mmene ndawasiyira. Ndikachotsa chimodzi, satifiketi yanga ikhala pepala lokulungira mtedza."

Abwana anatembenukira kwa Nakadontho.

"Inu mayi, nkhaniyi ithere m'chipinda muno. Madzi akatayika saoleka."

"Madzi ake ati, bwana? Munthu uja akusesa panjapo ndi madzi?"

"Mukweze mawu kwa amuna anu, osati kwa ine."

"Ndinakuuzani kanayi! Kanayi, ndi pakamwa pangapa. Inu mumvekere mawa, mawa. Lero makina apezeka abodza, mukuti tikwirire ngati mphaka? Ndinamuuza mlamu wanga m'maso muli gwa kuti makina sanama. Mwandisandutsa mboni yonama ine!"

Abwana anatuluka akumenyetsa chitseko.

Lachitatu madzulo katswiri anamaliza, nasaina mapepala ake onse awiri, n'kumusiyira Nakadontho kope lake m'manja. Lachinayi mayiyo analawirira. Anapita kuseri kumene ankataya zitsulo zokanidwa, nazitola yekha chimodzichimodzi, nazitsuka, nazisiya kuti zizizire, n'kuziyezanso zonse. Sanapite kokadya masana. Pa makumi anayi aja, makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri zinali pa muyezo ndendende. Zitatu zotsalazo zinali zitachita dzimbiri moti sizikanayezeka.

Lachisanu m'mawa, pa msonkhano wa antchito, a Mawamawa anayamba ndi nkhani ya magolovesi osowa. Kenako anatsokomola.

"Komanso, a Khutu, taganizaganiza. Takukhululukirani. Lolemba mubwerere pa makina anu."

Anthu ena anayamba kuwomba m'manja. Nakadontho anafunsa mokweza.

"Mwawakhululukira chiyani?"

Manja aja anasiya. Nakadontho anakankha tebulo lamatayala limene anaunjikapo zitsulo zija mpaka pakati pa bwalo, natambasula pepala la katswiri, naliwerenga mokweza kuyambira tsiku limene makina anayenera kuyesedwa mpaka nambala yomaliza. Sanadumphe mzere.

"Zitsulo izi zinalibe vuto. Wolakwa ndi amene anakana kuitana katswiri, ndi ine amene ndinakhulupirira makina kuposa munthu. Alamu, pepani. Ndinakuchotsani ulemu pamaso pa anthu, ndiye ndikupepesanso pamaso pa anthu omwewo."

Wowotcherera zitsulo wina kumbuyo anati, "Nanga zimene makinawo ankavomera zija, zili kwa makasitomala, zili bwanji?"

A Khutu anatsamiritsa tsache kukhoma bwinobwino, ngati chida chaulemu.

"Mlamu, zako ndamva, zatha. Koma bwana, chikhululukiro chanucho sungani, mwina mudzachifuna nokha. Ine ndikufuna kalata yonena kuti maso anga ali bwino, muikhome pa bolodi pamene munakhoma ija yondichotsa."

Kalatayo inatenga masabata atatu, ndipo itatuluka inali ya mizere iwiri yokha, yonena za "vuto la makina", popanda liwu loti pepani. Makasitomala awiri anabweza mapampu awo kuti ayezedwenso, ndipo ntchito yonseyo inagwera Nakadontho yemweyo. Iyenso analandira yake kalata, yomuchenjeza chifukwa chotulutsa mapepala a kampani pagulu. Mlembi wa mu ofesi anaibweretsa akuyang'ana pansi.

"Akuti musaine apa, mayi."

Nakadontho anaiwerenga yonse mpaka pansi, natenga cholembera, nakonza tsiku limene analilemba molakwika, n'kuibweza.

"Kawauzeni ailembenso bwino. Ndidzasaina ikakhala yoona."