Mmene Namzeze Anasandukira Inu

1.

Mmodzi mwa ife ndi kazitape.

Mawu amenewa ali pa tsamba lomaliza la gawo lachitatu la kabuku ka zithunzi kotchedwa Alonda Anayi. Akutuluka pakamwa pa Chiphaliwali, mtsogoleri wa gululo. Anawalemba ndi Yotamu. Pakamwapo anajambula ndi wamng'ono mwa awiriwa, mlongo wake Ndaziona.

Amagwira ntchito chonchi: Yotamu amafotokoza nkhani pakamwa, akuzungulira tebulo ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndaziona amajambula, n'kusiya timitambo toyera pamwamba pa mitu. Kenako Yotamu amatenga mapepalawo n'kudzaza mawu m'timitambomo.

2.

Alondawo ndi awa:

Chiphaliwali, woponya moto. Mphuno ndi ya Yotamu.
Chitsulo, wonyamula minibasi ndi dzanja limodzi. Mapewa ndi a malume awo.
Kamvuluvulu, waliwiro, wolongolola kuposa kondakitala.
Namzeze, wouluka. Mpata wa pamanowo ndi wa Ndaziona mwiniwake, ndipo Chilomoni yense amadziwa.

3.

Achimwene, kazitapeyo ndani?

Jambula kaye.

Ndijambula bwanji maso a munthu ndisakudziwa chimene akubisa?

Udzaona.

Udzaona! Koma abale, limenelo ndi yankho lopatsa mlongo wako? Ndaziona analitafuna tsiku lonse, ndipo linkamuwawa ngati mankhwala a malungo.

4.

Mayi wogulitsa timabukuto ku Limbe ndiye anathira mafuta, akuti ndinawaonatu achimwene ako ali ndi bambo wina wojambula pa kompyuta, mitu pamodzi, ameneyo amamaliza tsamba iwe usanasongole n'komwe pensulo, ndipo Ndaziona anaseka kuti aaa amayi inu, koma m'minibasi yobwerera kuseka kuja kunatha, chifukwa utsi sufuka popanda moto, chifukwa Yotamu sanatchulepo za bambo ameneyo, chifukwa kazitape m'nkhani zotere sakhalitsa, amagwa kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja, ndipo akagwa Namzeze ndiye kuti wojambula wake watsala ndi chiyani, inki m'zikhadabo basi

5.

Gawo lachinayi linabwerera kwa iye lili ndi mawu. Anawerenga ataimirira.

Chitsulo, iwe gwira mlathowo!
Kamvuluvulu, iwe tulutsa anawo!
Namzeze, ngati mungathe, tithandizeniko.

Anawerenganso.

Mungathe.

Chiyambire kabukuka, Chiphaliwali ankati iwe Namzeze, tauluka iwe, wachedwa pati iwe. Lero ulemu wachokera kuti? Ulemu wotere ndi wopatsa apongozi, kapena munthu amene mwamupakira kale katundu. Ndaziona anachita mantha, ndipo manthawo anabwera ndi mkwiyo.

6.

Zimene anayamba kuona:

Yotamu akuvundikira foni iye akangolowa.
Yotamu akuyang'anitsitsa tsamba, osayankhula.
Yotamu akufunsa kuti uli bwino koma iwe?
Yotamu akumugulira pensulo zatsopano popanda chifukwa.

Mbuzi yokaphedwa ndi imene amaipatsa msipu wabwino, anatero mumtima.

Mmodzi mwa ife ndi kazitape.

7.

Iwe Ndaziona, ndiwe mwana? anadzifunsa yekha. Udikira kuti akuuze pamaso? Akupha kaye papepala, ana a sukulu alire, kenako akuuza kuti pepa mlongo wanga, zinthu zasintha. Uli ndi manja. Kampani ija ya ku Lilongwe yopanga zikwangwani siinasiye kukufuna. Imba.

Anaimba ali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala.

Ndavomera, bwana. Ndibwera mwezi ukatha.

Atadula foni anamva kupepuka pang'ono, kenako manyazi. Anabwerera patebulo n'kujambula gawo lachisanu lonse osafunsanso funso.

8.

Tsamba lachisanu ndi chiwiri la gawo lachisanu. Mvula ikugwa pa msika. Alonda atatu aima pamodzi.

Chiphaliwali: Namzeze, kodi tinakulakwirani?
Kamtambo ka Namzeze: mulibe mawu.

Yotamu anakasiya koyera. Ngakhale liwu limodzi osamupatsa! Ndaziona anakanikiza pensulo mpaka nsonga inathyoka.

9.

Ndaziona anapeza Yotamu Loweruka masana akusanja mapepala pansi, kuyambira pakhomo mpaka kukhoma. Ndaziona sanakhale n'komwe.

Achimwene, muzingonena. Kazitape ndi Namzeze, eti? Mumuphe, bambo wanu wa kompyutayo ayambe ntchito.

Wa kompyuta uti? Wa ku Limbe? Ameneyo ndinkamufunsa chifukwa chimene mtundu wako wofiira umatulukira ngati dothi posindikiza.

Nanga inu ameneyu mukumupatsa Namzeze? Mungathe, tithandizeniko, tinakulakwirani?

Yotamu anakanda mutu. Iwe, kazitapeyo ine sindikumudziwa. Ndinangoponya mawu aja kuti ana agule gawo lotsatira. Ndinati ndiona m'zithunzi zako amene akuoneka wokayikitsa, ndimutsatire. Taona wekha.

Ndaziona anagwada.

Gawo lachitatu, Namzeze ali pakati pa anzake, mano onse pamtunda. Gawo lachinayi, wasunthira kumbali, pakamwa wafumbata, diso akuponyera Chiphaliwali cham'mbali. Tsamba lotsatira, wapereka nkhongo. Gawo lachisanu, wachepa ngati ntchentche pakona ya bokosi, nkhope ili mumthunzi wa inki yakuda bii. Pa tsamba la mvula lija, ali pamwamba pa denga, akuyang'ana njira yotuluka mumzinda. Pa tsamba lomaliza patsala phazi lokha, thupi lonse latuluka kale papepala.

Palibe anamuuza kuti ajambule zimenezo.

Nkhope imeneyi ndikanailembera bwanji liwu lakuti iwe? anatero Yotamu. Ndinayesa, dzanja linakana. Ndinkaona mlendo. Ndiye ndinayamba kuopa kuti mwina si Namzeze amene akuchoka. Ndakhala ndikukuyang'ana masiku onsewa, ukubisa chiyani? Tandiuza kuti ndikulota.

Ndaziona anafuna kunama, koma analephera.

Ndavomera ntchito ku Lilongwe.

Yotamu sanakalipe. Anayamba kutola mapepala aja limodzilimodzi, kuwapukuta fumbi ndi malaya ake, kuwasanja bwinobwino patebulo. Atamaliza anaima manja ali kumbuyo, maso ali pansi.

Ndamva, anatero. Ndiye munyamuka liti, achemwali?