Wotsogola pa Chikweza cha Kamwala

Anyamata a masiku ano akakwera Kamwala pa njinga zamoto, kenaka n'kumadandaula kuti msana ukuwawa, ine ndimangoyang'ana kumbali kuti ndisatukwane mwana wa eni ake. Msana wachiyani? Ife chikweza chomwechi tinkachikwera ndi miyendo, matumba awiri a mbatata ya kachewere ali kumbuyo, phazi osaponda pansi kuyambira pa mlatho wa mitengo mpaka pa thanthwe la pamwamba. Ndikunena za chaka cha 1985, nkhondo ili pakati, galimoto zitasiya kuyenda mu msewu wathu wa ku Tsangano. Zinali zaka zoipa, ndikudziwa. Koma ndisaname, ndimazisowa, ndipo amene ndimawasowa kwambiri ndi atsibweni anga a Avelino, alongo awo a mayi anga.

Tinalipo asanu. Lachinayi lililonse tinkatenga mbatata kupita nayo ku msika wa kumalire ndi Malawi, n'kubwerako ndi mchere ndi sopo. Mchere wathu unkafika mpaka ku Chidzolomondo, pamutu pa amayi. Sitinkanyamuka dzuwa lisanatuluke, chifukwa ulendo wathu unkafuna maso. Mu msewu munali mabomba okwirira pansi, ife tinkati mina. Amene ankakwirira sankasiya dzina, ndipo minayo sinkafunsa kuti uli mbali iti. Chaka chapitacho ngolo ya a Augusto inaponda imodzi pa Kamwala pomwepo. Ng'ombe zonse ziwiri zinafera pomwepo, eni ake anatsala ndi mwendo umodzi.

Choncho tinali ndi kayendedwe kathu. Tinkayenda pa mzere ngati linthumbu, tayala la wam'mbuyo likuponda ndendende pamene lapita tayala la wapatsogolo. Kanjira kameneko kanali kosaposa chikhatho m'lifupi, ndipo kumbali kwake kunali dothi limene palibe ankalidziwa. Pa malo athyathyathya munthu unkatha kuima n'kuponda pa kanjirako mosamala, koma pa Kamwala ayi. Njinga ya matumba awiri ikaima pa chikweza imagwa, ndipo imagwera kumbali. Kutsika n'kumaikankha ndiye kunali kusewera ndi moyo, pakuti wokankha njinga amayenda pambali pake. Ukayamba Kamwala unkayenera kumaliza, chifukwa wapatsogolo akaima, onse am'mbuyo ankagwa naye.

Wotsogola anali atsibweni. Anali munthu wamfupi, wa akatumba ngati zitsa, wosakonda kuyankhula. Tonse anayife anatiphunzitsa kupalasa ndi iwo, pa bwalo la mpira la ku eskola, kusukulu kuja, akutigwirira chishalo n'kumathamanga nafe. Iwo ankawerenga dothi. Ankadziwa mapazi a njiwa, tinjira ta nyerere, ndi malo amene munthu wakumba n'kusesapo ndi nthambi kuti paoneke ngati sipanakhudzidwe. Kawiri konse anatiimitsa m'chigwa n'kutilozera pamalo poti ife tinkangoonapo fumbi, ndipo kawiri konseko asilikali atabwera anapezapo chinthu. Ng'ombe zawo nkhondo inali itadya, ana awo anali atathawira ku Malawi. Chimene chinawatsalira, chimene anthu ankawavulira nacho chipewa, chinali malo apatsogolo aja.

Chaka chimenecho mawondo anayamba kuwakana. Tonse tinkaona. Tikafika pa thanthwe ankagwada n'kumasuzumira tcheni ngati chavuta, pofuna kuti mpweya ubwerere tisanawamve kupuma. Tsiku lina akazi awo, a Terezinha, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Cosme, atsibweni ako akamadzuka pa mpando amayamba agwira khoma. Uwauze ndiwe kuti apumule."

"Ine ndiwauze bwanji?"

"Si ndiwe muphwa wawo?"

Vuto lake linali lomwelo. Kwathu kuno muphwa akauza atsibweni ake kuti pumulani, anthu amati wayamba kulakalaka mbuzi eni ake ali moyo. Ndinavomera ndi mutu, koma sindinanene kanthu kwa atsibweni. Raimundo, mnzanga wapakamwa pa lumo amene ankayenda kumbuyo kwanga pa mzere, ndiye ankanena, komanso mwakuseri. Tsiku lina anati tsabola wakale sawawa, ine ndinatsala pang'ono kumuphwanya mano ndi mpope.

Linali Lachinayi la mwezi wa Agosto, kamphepo kakuluma m'makutu. Tinakumana pa mtengo wa mkuyu monga mwa nthawi zonse, aliyense akukanikiza matayala ndi chala, akukoka zingwe za mphira pa matumba. Ine ndinali nditamangirira mzimbe wautali pa chitsulo cha njinga, woti tikadye pamwamba. Atsibweni anamanga nsanza pa belu lawo kuti lisalire, kenaka anafunsa zimene anali asanafunsepo.

"Alipo amene akufuna kutsogola lero?"

Tonse tinayang'ana pansi. Alfredo, amene anali wamkulu mwa anayife, ndiye anayankha.

"Aa, ayi, tsogolani akuluakulu. Ife tingadutse inu?"

"Ndi zoona, atsibweni, tsogolani," ndinatero inenso.

Anatiyang'ana mmodzimmodzi, nakwera njinga. Munthu anatitsegulira chitseko ndi manja ake, ife tinachitseka ndi ulemu, n'kumadziona ngati ana oleredwa bwino.

M'chigwa zinayenda. Tinadutsa minda yosiyidwa, nyumba zopanda madenga, mpaka pa mlatho wa mitengo. Pamenepo aliyense ankamwa madzi, kupukuta manja, kenaka n'kukhala pa mzere. Atsibweni patsogolo, ine wachiwiri, Raimundo, Alfredo, ndipo kumapeto Feliciano.

Kamwala ili ndi makhota atatu. Loyamba limakunyenga, umakwera uli pa chishalo n'kumati lero zapepuka. Lachiwiri umaimirira, thupi lonse likugwera pa phazi limodzi kenaka linalo, matumba akukukokera kumbuyo ngati pali munthu wagwira njinga. Ntchafu zimayamba kuyaka moto, thukuta likulowa m'maso, iwe wopanda dzanja lopukutira. Sumayang'ana phiri, sumayang'ana kumwamba. Umayang'ana tayala la mnzako ndi kamzere kamene likusiya. Chimene chinkamveka ndi tcheni kulira ndi anthu asanu kupuma wefuwefu.

Tili pakati pa khota lachiwiri ndinaona tayala la atsibweni likuyamba kugwedera. Kamzere kawo, kamene masiku onse kankakhala kowongoka ngati chingwe, kanayamba kukhotakhota. Liwiro linatsika mpaka ine ndinayamba kugwira mabuleki pa chikweza, chinthu chimene chimapha miyendo kuposa kupalasa kumene. Malaya awo anali atamatirira pa msana. Phazi lamanja likafika pamwamba linkaima kaye, ngati likuganiza, kenaka n'kutsika movutikira.

"Cosme," anatero Raimundo chapansipansi, "tigwa."

Khota lachitatu, loipitsitsa, linali likubwera, ndipo ndi pomwe panaphulikira ngolo ya a Augusto. Dzenje lake linkaonekabe kumanzere. Ndinadziwa kuti atsibweni safika. Ndinaonanso m'maganizo mwanga zimene zikanachitika ngakhale tikanagwa popanda kuphulika kanthu: nkhani ikanafika m'mudzi ife tisanafike, yoti a Avelino agwetsa anyamata pa Kamwala. Mtima unandipweteka kuposa miyendo.

Ndinachotsa dzanja limodzi pa chiwongolero n'kukoka mzimbe uja. Njinga inapendekeka, ndinaibweza ndi bondo. Mbali imodzi ya mzimbe ndinaitsamiritsa pakati pa chiwongolero changa n'kuigwira ndi zala zazikulu, mbali inayo ndinaigunditsa pang'onopang'ono pa thumba la pansi la atsibweni. Kenaka ndinapalasa.

Amene sanakokepo matumba anayi ndi anthu awiri pa miyendo yake asandiuze za kutopa. M'kamwa munayamba kukoma magazi. M'maso munkabwera mdima n'kuchoka. Mzimbe unapindika, unayamba kuthetheka, madzi ake akutsikira m'zala mpaka m'zigongono, manja akuterera pa chiwongolero. Ndinkapempha Mulungu chinthu chimodzi chokha, kuti usathyoke. Atsibweni sanacheuke, poti wotsogola maso ake amakhala pansi, koma tayala lawo linawongoka, liwiro linabwerera. Tinadutsa dzenje la ngolo tikuthamanga kuposa masiku onse. Kumbuyo kwanga Raimundo, munthu wosatha kusunga mawu uja, ankangonong'ona kuti palasa, mbale wanga, palasa.

Matayala atagunda thanthwe ndinaugwetsa mzimbewo, nanenso ndinagwa nawo. Pa thanthwe pokha ndi pomwe tinkaponda momasuka, pakuti pa mwala palibe angakwirire kanthu. Ndinagona chagada, chifuwa chikukwera ndi kutsika, ndipo ndinali wosangalala. Ndinkati ndawapulumutsa popanda iwo kudziwa, anzangawa sanena, ndipo Lachinayi likudzalo tidzaona zina.

Tsiku limenelo atsibweni sanagwade kusuzumira tcheni. Anatsamiritsa njinga pa mwala n'kuizungulira. Pa thumba la pansi panali polowa, ponyowa, ntchentche zitayamba kale kuterapo. Anakhudzapo ndi chala, nachinyambita. Anatola mzimbe wophwanyika uja n'kuuyang'ana mbali zonse ziwiri.

"Cosme."

"Wawa, atsibweni."

"Dzuka."

Ndinadzuka. Anzanga onse anapeza zochita pa njinga zawo.

"Wotsogola sakankhidwa," anatero, osakweza mawu. "Khota lonse lija ndadutsa osaona pansi. Dothi limangothamanga m'maso mwangamu. Ndikanaona posesedwa, ndikanaima bwanji iwe ukundikankhira pomwepo?"

"Ndimaopa kuti mugwera kumbali, atsibweni."

"Kumbali mwina chilipo, mwina palibe. Koma chapatsogolo ukachiona ndiye kuti chilipo. Ukanatipha tonse ndi chifundo chakocho."

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu, ndipo pansi pa manyaziwo panali kaukali, poti ndinali nditatsala pang'ono kuphulika chifuwa chifukwa cha iwo. Anakhala pa mwala, natambasula miyendo, nagwira mawondo onse awiri ndi manja. Aka kanali koyamba kuwagwira ife tikuona.

"Komanso ukanapanda kukankha, sindikanafika," anatero. "Zonse ziwiri ndi zoona. Ndiye pamenepa palibenso nkhani."

Anathyola mzimbewo pa bondo, nasenda ndi mano mbali imene inali isanaphwanyike, nagawira aliyense kachidutswa. Tinatafuna, mphepo ikuumitsa thukuta. Kuchokera pa thanthwepo Tsangano yense ankaoneka, mapiri ake obiriwira ndi utsi wa midzi imene inali ikadali ndi anthu. Atsibweni anatafuna chomaliza, nalavula, naimirira.

"Vamos, tiyeni. Cosme, patsogolo."

"Atsibweni, ine sindingakudutseni."

"Wandidutsa kale. Kwera."

Alfredo anayamba kunena kuti akuluakulu, koma atsibweni anangomuyang'ana, iye analekera pomwepo. Anakoka njinga yawo n'kukaima kumbuyo kwa Feliciano, pa malo amene tinkaikapo wofooka kuposa onse. Palibe anawauza, anapitapo okha.

Ndinakankhira njinga kumapeto kwa thanthwe, pamene dothi linkayambiranso kulowera kumalire. Ndinali nditayenda njira imeneyi zaka zitatu, Lachinayi lililonse, koma tsiku limenelo ndinazindikira kuti ndinali ndisanaionepo. Chimene ndinkachidziwa chinali msana wa atsibweni ndi tayala lawo. Tsopano patsogolo panga panalibe munthu, panalibe kamzere katsopano, mphepo inali itafafaniza ka sabata yatha. Panali dothi lofiira lokhalokha, ndipo paliponse pankaoneka ngati posesedwa. Phazi linakana kukwera pa chopalasira.

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake tonse anayi tinayang'ana pansi atsibweni atatifunsa za kutsogola. Tinkati ndi ulemu, ndipo tinkakhulupirira ndithu kuti ndi ulemu. Koma aliyense wa ife ankadziwa kuti mina imadya wapatsogolo. Zaka zitatu tinaika nkhalamba ya mawondo otha kuti iziyamba kuponda, ife anyamata amphamvu tikubisala kumbuyo kwake, n'kumayamikiridwanso m'mudzi kuti ana awa amalemekeza akulu. Iwo ankadziwa zimenezi, ndipo sanatinenepo ngakhale tsiku limodzi.

"Tikudikira iwe, Cosme," anatero atsibweni kuchokera kumapeto kwa mzere. "Usathamange. Ukaona mapazi a njiwa, ponda pomwepo."

Ndinapukuta maso ndi phewa, poti sindinkafuna kuti misozi indibisire dothi, ndipo ndinakwera njinga.