Makiyi a Apongozi

Wendell Prouty anali kumeta apongozi ake ndevu pamene foni inalira. Anadziwiratu kuti ndi loya wake, mayi Lindqvist, amene akaluma nkhani sataya.

"Bambo Prouty, tsiku lomaliza ndi Lachisanu," anatero mayiwo. "Boma lavomera kupereka chipepeso kwa onse amene anazunzidwa ku Cold Brook, koma papepala lanu patsala mzere umodzi. Dzina la amene anakuchitani zimenezo. Popanda dzina, mlandu wanu wagwera m'madzi."

"Ndinakuuzani kale, mayi. Nkhope yake sindinaione."

Sanali kunama. Ku Cold Brook, ndende ya anyamata kumene anamutsekera ali ndi zaka khumi ndi zinayi ataba galimoto ya mnansi, kunali lamulo: mlonda akagogoda chitseko ndi makiyi, iwe mphuno kukhoma, manja kumbuyo, mpaka atatuluka. Motero anyamata ankadziwa alonda ndi makutu. Wina ankakoka mwendo, wina ankatsokomola. Amene ankalowa m'chipinda cha Wendell ankagogoda katatu, n'kupuma, n'kugogodanso kamodzi. Zimene zinkatsatira, Wendell anazinena kamodzi kokha m'moyo wake wonse, kwa loya, maso ali pansi.

Anaika foni patebulo n'kutolanso lumo.

A Orrin Haskell, bambo a mkazi wake Darlene, anabwera kudzakhala nawo chaka chatha atadwala sitiroko. Zaka zonsezo ankakhala kutali ku Florida, ndipo ankangoonana pamaukwati ndi pamaliro. Darlene ankadziwa kuti bambo ake anagwirako ntchito ku Cold Brook, koma ati kukhitchini. Matendawo anawapha mwendo ndi dzanja lamanja, n'kuwamanganso lilime. Ndiye Darlene, ndi mtima wake wabwinowo, anawapatsa makiyi awo akale kuti azigogoda pachitsulo cha bedi akafuna munthu.

Tsiku loyamba lomwelo, Wendell ali kukhitchini, anamva kugogoda. Katatu, kupuma, kamodzi. Anangozindikira ali chiimire, mphuno kukhoma, khofi atatayikira pansapato. Bambo wamkulu wa imvi zake, woyendetsa chigalimoto chokokolola chipale chofewa m'misewu ya tauni yonse. Kuyambira pamenepo ankawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza, mtima uli phaphapha. Ankawaopa. Inde, ankaopa nkhalamba yolephera kudzipukuta dovu, ndipo manyazi ake ankamudya kuposa manthawo.

Darlene analowa atavala kale jekete, akuthamangira kuntchito.

"Ndi loya uja?" anafunsa. "Inu a Wendell, mukufuna zilombo zimenezo zife ndi ukalamba, zikudya penshoni? Kumbukirani, chonde. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Mutamudziwa munthuyo, mungatani?"

"Ine? Ndingamulavulire m'maso, olo atagona m'bokosi." Anawerama n'kupsompsona bambo ake pachipumi. "Adadi, musamuvutitse mkamwini wanu. Onani akukukonzani ngati mukupita kokafunsira."

Chitseko chinatsekeka. Galimoto inalira, n'kuzimirira kumsewu.

Wendell anapaka thovu pakhosi pa nkhalambayo. Kwa chaka chathunthu ankadzinyengerera kuti mwina alonda ogogoda choncho anali ambiri. Mwina makutu ake anakalamba. Angapasule banja la zaka makumi awiri ndi zitatu chifukwa cha kulira kwa makiyi? Darlene ndiye anamutola ali chidakwa chogona m'galimoto, ndipo Darlene yemweyo ankalira bambo ake akakana kudya.

Dzanja lamanzere la a Orrin linasuntha pang'onopang'ono pabulangete, n'kugwira makiyi. Analibe chifukwa choitanira munthu, popeza munthuyo anali pamphuno pawo. Komabe anagogoda. Katatu, kupuma, kamodzi. Mlomo wopotokawo unanjenjemera, ndipo lilime limene linkalephera kutchula dzina la mwana wawo linatulutsa mawu omveka bwinobwino.

"Wani-fotini. Kukhoma."

Imeneyo inali nambala yake ku Cold Brook. Ngakhale Darlene sankaidziwa.

Khosi la Wendell linayamba kutembenuka lokha, monga linaphunzitsidwira. Analiletsa. Maso anawasiya pomwepo, pankhope imene anailephera kuona ali mwana. Diso limodzi la nkhalambayo linali kuseka. Lumo linali pamtsempha, ndipo Wendell anaumva ukugunda pansi pa chala chake.



Kenako anameta khosilo bwinobwino, osacheka ngakhale pang'ono. Anawapukuta ndi thaulo lofunda, n'kuwakonzera pilo.

"Mlandu suola, bambo," anatero. "Lero ndakuonani."

Kukhitchini anatulutsa pepala la loya m'dirowa. Analemba dzinalo ndi zilembo zikuluzikulu, cholembera chikuboola pepala pa chilembo chomaliza. Akanatha kukaliponya ku positi mwakachetechete, koma ayi. Analiika patebulo, pamene Darlene amaponya chikwama akaweruka, n'kukhala pampando.

Masana onse chipale chinagwa osakata. Kuchipinda makiyi ankalira, n'kuliranso, iye osadzuka. Dzuwa litapendeka, anamva galimoto ikuima panja, kenako mapazi a mkazi wake pakhonde, akuimba kanyimbo chapansipansi. Kiyi inalowa pachitseko.

Wendell anakhala tsonga, nkhope italoza kukhomo.